Pulasitiki wa Mzime ndi Lumo la a Telala

A Telala anasoka zovala zaka makumi anayi ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezo anali ndi lamulo limodzi lokha: chinthu chabwino ndi chimene chimalimba. Munthu akabwera ndi buluku limene anamusokera kalekale, kudzangokulitsa m'chiuno chifukwa mimba yatsogola, iwo ankalitembenuza, n'kukoka msoko ndi manja awiri pamaso pa mwiniwake, kenako n'kumuyang'ana osanena kanthu. Kuyang'anako ndiye kunali kudzitama kwawo. Maso atayamba kuvuta anatseka shopu, makina osokera n'kuwakokera m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba ya mwana wawo wamkazi, koma lamulo lija anasamuka nalo.

Mwanayo anali wotsiriza kubadwa, ndipo ngakhale tsopano anali munthu wamkulu wa madigiri awiri, pakhomo ankangomutcha Mzime. Ankagwira ntchito ku labotale ina m'tauni. Ntchito yake, malinga ndi mmene a Telala ankaifotokozera kwa aliyense wodutsa pamsewu, inali yopanga pulasitiki kuchokera ku makoko a mbatata. Apa sankanama. Mzime ankatenga makoko amene fakitale ya tchipisi inkataya, kuwagaya, kutulutsamo ufa woyera, kuuphika ndi mankhwala ena, n'kuuthira pa mathireyi agalasi kuti uume usanduke pepala lopyapyala lokulungira chakudya. Chifukwa chovutikira choncho pamene pulasitiki ali mbwee m'sitolo iliyonse, a Telala sanafunsepo. Bambo amene anaphunzitsa mwana mpaka ku yunivesite safuna kuti mwanayo aone kuti bambo ake sakumva. Mzime akayamba kufotokoza ndi mawu ake ataliatali a m'mabuku, iwo ankangogwedeza mutu n'kumati, "Eya, eya, n'zoona," ngati munthu amene anaziganizapo kale.

Chimene ankamva bwinobwino chinali madandaulo. Zaka zitatu Mzime ankafika pakhomo nkhope itakwinyika. Pepala loyamba linkaphwanyika ngati chigoba cha dzira. Lachisanu linkamata zala. Lachisanu ndi chinayi linkaoneka bwino, koma ukakulungamo buledi wotentha linkanyowa n'kumatirira, moti mayi wina wa bekale amene ankathandiza kuyesa analibweza ndi uthenga wakuti makasitomala ake sanapemphe buledi wovala malaya. Mawu a patebulo tsiku ndi tsiku anali amodzimodzi: "Silikulimba, ababa." Mawu amenewo a Telala ankawamva mpaka m'mafupa.

Ndiye kunabwera pepala lakhumi ndi chinayi. Mzime analipaka timafuta ta zomera pamwamba kuti madzi asalowe, ndipo linatuluka losalala, loonekera mkati ngati galasi, lolimba. Anabwera nalo kunyumba akuchita kuthamanga, n'kuyala zidutswa ziwiri patebulo, china chake, china cha pulasitiki wa m'sitolo.

"Sankhani changa, ababa."

A Telala, munthu amene ankadziwa mtundu wa nsalu ali chitsinzinire, anapapasa, anakoka, ananunkhiza, n'kuloza cholakwika. Mzime anavina kuzungulira tebulo mpaka kugubuduza mpando.

"Kwatsala mayeso amodzi okha," anatero atakhala pansi akupuma mwawefuwefu. "Abwana andipatsa miyezi iwiri. Likakhoza, amayi a bekale aja ayamba kukulungira buledi wawo yense, ntchito ipitirira. Likalephera, atseka zonse, ine andibweza kokayeza madzi a m'mipope kumene ndinayambira."

"Mayeso ake otani?"

"Kulikwirira m'dothi, tione zimene dothi lichite nalo."

Foni yake inalira asanawonjezere china, ndipo a Telala sanaone chosowa. Nsalu amaiyesa ndi madzi, sopo ndi dzuwa; pulasitiki amamuyesa ndi dothi. Zinali zomveka.

Labotaleyo inali pamwamba, m'nyumba yosanja yozunguliridwa ndi simenti yokhayokha, choncho abwana analola kuti mayesowo achitikire kuseri kwa nyumba ya Mzime, pakati pa tomato wa a Telala ndi chingwe choyanikira zovala. Mzime anakumba mizere isanu ndi umodzi. Mumzere uliwonse anakwirira zidutswa zisanu zazikulu ngati chikhatho, chilichonse chili ndi kachitsulo ka nambala pakona ndi kamtengo pamwamba. Masiku khumi alionse ankayenera kufukula mzere umodzi.

"Ntchito yanu n'kuthirira basi, ababa. Ndowa imodzi m'mawa uliwonse. Pasapondedwe."

"Ngakhale nkhuku siyandikira," analonjeza a Telala.

Nkhuku sinayandikiredi. Anayandikira ndi iwo. Tsiku lachisanu ndi chitatu, Mzime atapita kuntchito, anathirira ndowa yawo, n'kuima, n'kuyang'ana timitengo tija. Kungosuzumira kamodzi kungalakwe chiyani? Anagwada, n'kufukula ndi zala pang'onopang'ono.

Anatulutsa chidutswa choyamba. Pepala lokongola lija linali litachita mawanga akuda, m'mphepete mutadyeka, pakati pali mabowo atatu, ndipo pabowo lina panali patalowa nyongolotsi yonenepa imene sinaonetse ngakhale manyazi. Anafukula chachiwiri, chimodzimodzi. Anathamangira mzere womaliza, uko ndiye kunali koipiratu. Masiku asanu ndi atatu okha! Anakhala pansi padothi lonyowalo, mtima ukuwawa ngati amva uthenga wa maliro. Anaona m'maganizo nkhope ya mwana wawo mkuja pofukula, mwana amene anavina mpaka kugubuduza mpando, ndipo anadziwa kuti sangathe kuiyang'ana.

Nzeru inawabwerera ali pomwepo, ndipo inali nzeru ya telala. Kodi alipo telala amene sanapindirepo msoko wolakwika mkati, n'kuugwiriza ndi mapini, kuti mkwatibwi akaonekere kaye pagulu? Zokonza zimakonzedwa ukwati utatha. Mwana adutse kaye pamaso pa abwana, ntchito isatsekedwe, ndiye adzamutsine khutu mwakachetechete kuti awonjezere mankhwala.

Anasamba m'manja, n'kupita ku sitolo ya mabuku kukatenga pulasitiki wokutira makope. Kunyumba anatulutsa tepi, choko ndi lumo lawo lalikulu limene linali lisanagwire ntchito chaka chathunthu. Anadula zidutswa makumi atatu zofanana ndi zoyamba zija mpaka pakona, n'kusamutsira tizitsulo ta nambala chilichonse pamalo pake. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane zonse zinali m'dothi, pamwamba posalazidwa bwino. Zodyeka zija anaziponya m'bini, ndipo galimoto ya zinyalala inadzazitenga Lachinayi. Kunena zoona, tsiku limenelo a Telala anasangalala. Anali atayamba kuiwala kukoma kwake kwa kukhala munthu wofunika.

Tsiku lakhumi Mzime anafukula mzere woyamba. Anatsuka zidutswazo m'beseni, kuzipukuta, n'kuziika chimodzichimodzi pa kasikelo kake kakang'ono. A Telala anaima kumbuyo kwake, manja ali kumsana, akudikira kuvina.

"Zili bwanji?"

"Sizinasinthe. Ngakhale pang'ono."

"Eyaa!" anatero a Telala.

Mzime anawacheukira modabwa, n'kubwerera ku kope lake. "Mwina dothi likuzizira. Tidikire."

Anthu ophunzira ndi otero, anaganiza a Telala. Chinthu chikawayendera bwino amachita ngati sanachione.

Koma tsiku la makumi awiri Mzime anatsuka mzere wachiwiri, anayeza, anayezanso, kenako anavundikira ndowa n'kukhalapo, nkhope ili m'manja. Mapewa anayamba kugwedezeka.

"Iwe Mzime, ukulira chiyani? Taona mmene zikuwalira! Ngati zangotuluka m'sitolo."

"Ndicho ndikulira, ababa."

Apa a Telala anasowa pogwedezera mutu. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu anakhala pansi pafupi ndi mwana wawo n'kunena mawu amene ankawapewa. "Sindikumva. Tandiuza bwino, m'mawu a pakhomo."

Mzime anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ababa, pulasitiki wolimba alipo kale. Ndi uja wadzaza ngalande zonse m'tauni muno, uja ziweto zikufa naye m'mimba. Munthu amadya buledi masiku awiri, pepala lake n'kukhala zaka mazana. Langali liyenera kulimba buledi akadali mkati, koma likatayidwa liole ngati khoko la nthochi. Pofika lero limayenera kukhala litabowoka paliponse. Ndi mafuta aja, ndinachulutsa, tizilombo ta m'dothi tikulephera kulowa. Zaka zitatu, ababa, kuvutikira kupanga chinthu chimene chili kale m'sitolo."

"Liole," anatero a Telala, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

"Liole."

"Ndiye likachita mawanga... nyongolotsi n'kulowamo..."

"Ndikanavina mpaka kumsewu."

A Telala anadzuka pang'onopang'ono, maondo akulira, n'kunena kuti akukaona nsapato yawo kwa a Chidendene, ngakhale nsapato zonse ziwiri zinali kumapazi.

A Chidendene anali mnzawo wakalekale, wosoka nsapato pakhonde la sitolo kutsidya kwa msewu. Anamvetsera nkhani yonse msomali uli kukamwa. Itatha anachotsa msomaliwo mosamala, n'kuuika pambali, kenako anaseka mpaka kugwira khoma.

"Achimwene, safunsa anadya phula. Zaka zitatu mukudya naye patebulo limodzi, osafunsa?"

"Ndabwera kudzafuna nzeru, osati mano anuwo."

"Nzeru ndi imodzi. Kamuuzeni mwana."

"Ndikayamba bwanji? Ndikati, mwana wanga, misozi ukulirayi ndakudulira ndine ndi lumo?"

"Mukayambe choncho kumene. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, koma kwanuko zadyedwa ndi akulu, akupotedwa ndi mwana."

A Telala anatembenukira ku zida za mnzawo. Maso awo anali atagwera pa chida china pakati pa nyundo ndi zomatira, chija chooneka ngati pulayala, chobowolera malamba.

"Tandibwerekani icho."

A Chidendene anayang'ana lamba wa mnzawo, n'kuyang'ana nkhope yawo. "Lamba wanu ali ndi mabowo okwanira."

"Ndibwerekeni basi."

Munthu akalakwa chifukwa cha chikondi timamumvera chisoni. Akabwerezanso chifukwa cha manyazi, apo ndiye timangopukusa mutu n'kudikira. Mmawa mwake, Mzime atakwera basi, a Telala anafukula mizere inayi yotsala, n'kuyala zidutswa makumi awiri pa tebulo la makina osokera. Mwana akufuna mabowo, apeza mabowo. Anayesetsa ndithu kukumbukira mmene nyongolotsi zija zinadyera, mwachisawawa, uku pang'ono uku kwambiri. Koma dzanja limene latsegula mabowo a mabatani zaka makumi anayi ndi ziwiri silidziwa chisawawa. Asanazindikire, tepi inali pakhosi, choko chili m'manja. Bowo lachiwiri linkafuna kutalikirana ndi loyamba mofanana ndi lachitatu, ndipo iwo sakanatha kulikaniza. M'mphepete anayesa kudyadya ndi lumo, koma lumolo nalo linali ndi ulemu wake. Atamaliza anaimika chidutswa chimodzi padzuwa, ndipo mumtima anavomereza kuti chatuluka bwino.

Tsiku la makumi atatu linali Loweruka. Mzime anatuluka ndi beseni mopanda changu, ngati munthu wopita kukazula dzino. A Telala anapeza chochita pa tomato wawo, akuthyola masamba amene sanalakwe kanthu. Anamva khasu laling'ono likukanda, madzi akukhuthuka, kenako mfuu.

"Mabowo! Ababa, mabowo!"

Koma kuvina sikunamveke. Atasuzumira pakati pa tomato anaona Mzime atasanjikiza zidutswa ziwiri, akuziyang'ana padzuwa. Anaikapo chachitatu. Mabowo onse anagwirizana, kuwala kukudutsa bwinobwino. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi rula ndi machesi. Anayeza. Kenako anayatsa kona ya chidutswa chimodzi, ndipo m'malo mopsa ngati pepala n'kusiya phulusa, chinakwinyika n'kuyamba kudontha, fungo la pulasitiki wopsa lili guu.

"Ababa."

"Ee?"

"Nyongolotsi za pakhomo pano zili ndi tepi?"

A Telala anatuluka m'tomato muja masamba ali m'manja. Anaulula zonse ataimirira, kuyambira tsiku losuzumira mpaka chobowolera cha a Chidendene, osasiya kanthu. Mzime anamvetsera machesi ali m'manja, osaphethira.

"Zenizeni zili kuti?"

"Zinapita ndi galimoto ya zinyalala."

"Zinkaoneka bwanji?"

"Zonyansa, mwana wanga. Mawanga okhaokha, m'mphepete modyeka. China chinali ndi nyongolotsi yonenepa ngati chala changachi."

"Tsiku lachingati?"

"Lachisanu ndi chitatu."

Mzime anatulutsa mawu amene sanali kuseka komanso sanali kulira. Anagwira pamutu, n'kuzungulira kamodzi pamalo pomwepo. "Lachisanu ndi chitatu! Linkaola! Linkaola tsiku lachisanu ndi chitatu!" Koma chimwemwecho chinazima msanga. "Ndilibe umboni. Ndipo lipoti lonena kuti pepala lalephera ndinapereka kale sabata yatha, ndi dzanja langa. Anzanga ayamba kulongedza mathireyi." Anawayang'ana, ndipo mawu ake anatsika. "Mukanangondifunsa, ababa. Funso limodzi."

"Ndinkaopa kuti uona kuti bambo ako ndi mbuli."

"Ine ndinayamba ndakuonanipo choncho?"

Sanadikire yankho. Analowa m'chipinda chake n'kutseka chitseko, osachimenyetsa, ndipo kusamenyetsako kunawapweteka a Telala kuposa chilichonse.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba m'mawa a Telala anadikira kuti Mzime anyamuke, n'kuvala suti yawo yotuwa imene anadzisokera okha, kuika chobowolera ndi zidutswa zitatu m'thumba la jekete, n'kukwera basi yotsatira. Masitepe a nyumba yosanja ija anawakwera mopumira kawiri. Atakankha chitseko analandiridwa ndi fungo la mbatata yophika losakanikirana ndi la mankhwala. Panali mashelefu a mabotolo olembedwa manambala, uvuni wachitsulo ukung'ung'udza pakona, mathireyi agalasi atasanjidwa m'makatoni, ndi makina ena aatali amene anali atagwira kachidutswa ka pepala uku ndi uku n'kumakakoka pang'onopang'ono mpaka kaduke. Makina amenewo a Telala anawakonda pomwepo. Mzime, atavala chovala choyera ndi magolovesi, anawaona n'kutsegula pakamwa.

"Ndikufuna abwana ako," anatero a Telala, n'kudutsa.

Abwanawo anali bambo wamfupi, magalasi ali pamphumi, ndipo thumba la chovala chawo choyera linali losokedwa mokhota. A Telala anadziletsa kunenapo. Anayala zidutswa zitatu patebulo, chobowolera pambali pake, n'kuvula chipewa.

"Bwana, lipoti limene mwana wanga anakupatsani ndi labodza, koma wabodza si iye. Ndine."

Anafotokoza monga anafotokozera kunyumba. Abwanawo anatsitsa magalasi, n'kunyamula chidutswa chimodzi, kuwerenga mabowo, kusanjikiza ndi chinzake. Milomo inayamba kunjenjemera. Anayesa kutsokomola kuti abise, koma zinakanika, anaseka mpaka misozi, akumenya tebulo. Anthu a m'labotale anadzaza pakhomo, zidutswa zija n'kumayenda m'manja, wina akuti zimenezi aziike m'felemu. Mzime anaima kumbuyo kwa onse akuyang'ana pansi.

"Bambo, zaka makumi awiri ndikugwira ntchitoyi, mayeso andiwonongerapo makoswe, agalu, ngakhale mvula. Telala ndi woyamba." Anapukuta magalasi, nkhope n'kubwerera m'malo. "Koma tsiku sindingalisunthe, analiika ndi akuluakulu a pamwamba panga. Kwatsala masiku makumi atatu. Zimene munaona tsiku lachisanu ndi chitatu ndikuzikhulupirira, koma sindingasaine maso anu." Anatembenukira kwa Mzime. "Ukakwirirenso lero. Pasakumbidwe mpaka ndidzabwere ndekha ndi amayi a bekale. Tikadzapeza kuti theka la chidutswa chilichonse ladyeka, lipoti lako lija nding'amba. Tikadzapeza zochepera apo, ukudziwa kale. Ndipo bambo awa asayandikire."

Madzulo omwewo Mzime anakwirira zidutswa zatsopano, n'kuzungulira malowo ndi waya wa nkhuku, kakhomo kake n'kuikapo loko. Kiyi anamumangirira pa chingwe n'kumuvala pakhosi. Kuthirira ankathirira yekha asanapite kuntchito. Sanawakalipirenso bambo ake. Ankawapatsa moni, kuwathirira tiyi, kuwafunsa za maondo. Koma za kuntchito sanatchulenso patebulo, ndipo a Telala anazindikira kuti mawu ataliatali aja, amene sankawamva, ndiwo anali gawo lokoma la tsiku lawo.

Mwezi umenewo unayenda ngati wa munthu wodikira m'chipatala. A Telala ankakokera mpando pawindo la chipinda chakumbuyo n'kumayang'ana timitengo tija kupyola waya. Munthu amene moyo wake wonse analimbana ndi njenjete ndi chuku tsopano ankapempherera nyongolotsi, kuti zikhale ndi njala, zibereke, ziitanizane. Dzuwa likawomba kwambiri ankadandaula kuti dothi liuma. Mvula ikagwa ankadandaula kuti tizilombo timira. Tsiku lina anapeza nyongolotsi pansi pa tomato, anainyamula mpaka pawaya, n'kuima nayo pamenepo nthawi ndithu. Kenako anaibwezera pamene anaitenga. A Chidendene atamva zimenezi anati mnzawo wayamba kukula.

Tsiku litakwana, galimoto ya abwana inaima pageti m'mawa dzuwa litakwera pang'ono. Anatsika ndi amayi a bekale, mayi wamtali wa manja aakulu, amene anabweretsa buledi awiri okulungidwa m'pepala lakhumi ndi chinayi, akadali ofewa patatha masiku anayi. "Mbali yanga yakhoza," anatero. "Tione mbali ya dothi." A Telala anali atavala suti ija, koma anaima patali, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, monga anauzidwira.

Mzime anavula kiyi pakhosi, n'kutsegula loko. Anatola khasu laling'ono, n'kuwerama pa kamtengo koyamba, koma sanakumbe. Anawongoka, n'kutembenuka.

"Ababa, bwerani mudzakumbe ndinu."

Abwana anakweza nsidze. Mzime anawayang'ana osabwerera m'mbuyo. "Mukuona nonse, sangasinthe kanthu. Ndipo malo ano palibe amene amawadziwa kuposa iwo."

A Telala anayandikira. Analandira khasu, n'kugwada m'matope ndi buluku la suti, osayala ngakhale nyuzipepala. Anakanda kawiri, kenako anaika khasu pambali n'kuyamba ndi zala. Dothi linali lofunda, lonunkhira. Chala chinagunda chinthu cholimba: kachitsulo ka nambala. Anakatukula mosamala. Pakona pake panali patalendewera kanthu kabulauni, kopyapyala ngati khungu la anyezi, kosakwana ngakhale chikhadabo. Atakakhudza kananyenyeka n'kugwera pansi. Anapapasa dzenje lonse, uku ndi uku, mpaka m'munsi.

"Palibe," anatero, akuyang'ana mwana wawo.

"Palibe," anayankha Mzime, mawu akuthawa.

Chachiwiri chinali chimodzimodzi. Chachitatu chinatsala kachingwe kokha ngati ulusi. Abwana anali atagwada nawonso, magalasi ali pamphuno, akujambula ndi foni n'kumangoti, "Taonani, taonani." Amayi a bekale anafunsa kuti mapepala oyamba angawalandire liti.

A Telala anadzuka osadikira chachinayi. Anadutsa pakati pa alendo, maondo ali matope okhaokha, n'kutsegula geti, n'kufuula kutsidya kwa msewu ndi mawu onse amene anali nawo.

"Achimwene! Zaola! Za mwana wanga zaola zonse!"

Mayi wina amene ankadutsa ndi dengu anaima, n'kugwira pachifuwa. "Pepani kwambiri, bambo."

Kumbuyo kwawo Mzime anaphulika ndi kuseka, kuseka kwenikweni kumene nyumba ija inali isanakumve mwezi wathunthu, misozi ikutsika osaipukuta. Anafika pageti, n'kuwagwira dzanja lamatopelo ndi manja ake onse awiri, n'kulifinya. Kenako anawakokera m'kati, chifukwa panali timitengo tina tambiri toti akumbe.